Ana a Alendo pa Mgodi wa Broken Hill

Mzinda umene lero uchedwa Kabwe unali kuchedwa Broken Hill kufikira caka ca 1966. Mzungu wina, dzina lace T. G. Davey, anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamenepo m'caka ca 1902, ndipo njanje inafika mu 1906. Mbiri ya nchito itamveka, anthu anadza kucokera kutali, ena ku Fort Jameson, ena kutsidya kwa malire ku Nyasaland. Mwa a ku Nyasaland munali ophunzira a ku Livingstonia ndi ku Blantyre, amene analembedwa ukalaliki ndi ukapitao.

Poyamba mwamuna anali kudza yekha. Koma pofuna kuti anchito akhalitse, eni mgodi anayamba kupatsa okwatira minda ya maekala asanu kunja kwa komboni. Pamenepo mkazi analima cimanga ca kuonjezera pa poso, mwana ali kumbuyo, ndipo acikulupo anasamala ang'ono ao monga kumudzi. Bwana Godfrey Wilson wa Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza za makhalidwe a anthu a mzindawu mu 1939 ndi 1940, anapeza kuti ambiri sanalinso alendo a miyezi yowerengeka, koma anthu okhazikika ndi mabanja ao.

Kholo lotere linali ndi nkhawa ziwiri: sukulu ndi cipatala. Masukulu a Azungu ndi a anthu akuda anali osiyana, ndipo malo a ana akuda anali ocepa. Sukulu ya sekondale ya Munali ku Lusaka inatsegulidwa mu 1939, koma olowamo anali owerengeka. Cifukwa cace makolo ena anabweza ana kwao, kuti akakhale ndi agogo ndi kuphunzira pa misyoni. Amene anasunga ana ao pafupi anadalira cipatala ca mgodi ndi ca Boma, nayesa kuti mwana wokhala pafupi ndi dotolo ali pabwino.

Koma coopsa cinali m'nthaka imene anawo anaseweramo. Utsi wa ng'anjo ndi pfumbi la mirimba ya zotsala za mgodi zinagwa pa Kasanda ndi makomboni ena oyandikana nao. Mwana wokwawa amaika dothi m'kamwa, ndipo thupi lace limalandira mtovu msanga kuposa la wamkuru. Mtovuwo umacepetsa magazi, umaononga ubongo kotero kuti mwana sagwira bwino za kusukulu, ndipo ukacuruka umagwetsa mwana ndi kumupha. Mai sakanatha kuuona ndi maso. Dotolo A. R. L. Clark atapima ana a m'makomboniwo, analemba mu 1975 kuti ambiri anali ndi mtovu woposa muyeso m'magazi mwao.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu suola. Zidzukulu za alendo aja, pamodzi ndi ana a eni dziko, zinatsala pa nthaka yomweyo. Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inabvomereza ndalama zothandiza Boma la Zambia kupima ndi kuciritsa ana ndi kukonza malowo. Mu 2020 anthu a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American ku bwalo lalikuru la ku Johannesburg. Kampaniyo inakana mlandu, ndipo mu December 2023 bwalolo linakana kuti odandaulawo aweruzidwe monga gulu limodzi. Iwo anacita apilo.

Makolo a kale aja anafunsa za malipiro, za nyumba, za sukulu ndi za cipatala, ndipo anafunsa bwino. Akuru anati, safunsa anadya phula. Koma funso limodzi panalibe wowauza kuti alifunse: kodi dothi la pabwalo pamene mwana adzakwawa liri ndi ciani? Banja lonyamula ana kunka nao ku dziko la eni liyenera kufunsa limenelo lisanamasule katundu.