Mungo Murray Chisuse, Wojambula Zithunzi wa ku Blantyre

Omvera a ku Dzaleka, ku Dowa ndi ku Ntchisi amamdziŵa bwino munthu woyenda ndi kamera pamsika kapena paukwati. Chithunzi chimasungidwa m'sutikesi zaka zambiri, koma dzina la wojambulayo palibe amene amalisunga. Zinateronso ndi Mungo Murray Chisuse, mmodzi wa Amalaŵi oyamba kugwira ntchito imeneyi.

Chisuse anaphunzira pa Mishoni ya Blantyre, ndipo anapita ku Scotland kaŵiri, mu 1885 ndi mu 1897. Ntchito yake pamishonipo inali yosindikiza mabuku. Kujambula ankachita padera. Azungu ambiri a masiku amenewo ankajambula munthu wakuda ngati chinthu chodabwitsa chokaonetsa kwao. Chisuse ankajambula anthu monga momwe eni akewo ankafunira kuoneka: atavala bwino, atakhala mwaulemu, akuyang'ana kamera mosaopa.

Motero anajambula Mbusa John Chilembwe ndi anthu a mpingo wake wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Itabuka nkhondo ya pa 23 Januwale 1915, Chilembwe anaphedwa, ndipo boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi chake. Zithunzi zija zinapulumuka.

Mu 1958 zina mwa izo zinatuluka m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African. Komabe maso a oŵerenga anali pa Chilembwe, osati pa mwini kamera. Mu 2008 ndi pamene John McCracken analemba mbiri ya Chisuse mu Society of Malawi Journal, mwiniwakeyo atamwalira kalekale.