Ntchito za Chifundo ndi Chilungamo mu Mpingo wa Katolika m'Malawi

Izi ndi ntchito zimene mpingo umagwira pothangata odwala, anjala, amasiye ndi oponderezedwa. Chiyambire pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa misoni ya Mua m'chaka cha 1902, kumene pambuyo pake akhate, amene ngakhale abale awo ankawasala, anapezako pogona ndi wowatsuka zilonda, mpingowu sunalekanitse guwa ndi chipatala. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa mabungwe a maepiskopi: CADECOM imagawa chakudya ndi mbewu pakagwa chilala kapena madzi akasefukira, pomwe CCJP imayankhulira osauka pa milandu ndi kupenyerera zisankho.

Koma chimene chinagwedeza dziko ndicho kalata ya maepiskopi yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, imene inadzudzula malipiro ochepa, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndi kuwatseka pakamwa. Ndipo ngakhale boma la Dr. Banda linapsa mtima kufikira kupirikitsa m'dziko muno Monsinyo John Roche, mmodzi mwa amene anasaina kalatayo, anthu amene anali kunong'ona analimba mtima nayamba kuyankhula poyera, kotero kuti pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri.