Mwini Timu Ndani? Mbiri ya Mkangano wa Ocemerera ndi Eni Makalabu a Mpira ku England

1.0 Mau Oyamba

Pa 17 November 2023, kabungwe koweruza milandu ya mu Premier League kanalanda kalabu ya Everton mapointi 10 cifukwa cakuti inataya ndalama kupyola malire amene ligiyo inaika. Pa masewera otsatira, ocemerera zikwizikwi pa bwalo la Goodison Park anatukula timapepala tonena kuti ligiyo njacinyengo. Anthu amenewa sanali kuikira kumbuyo mwini kalabu, Farhad Moshiri, pakuti anali atatopa naye kale. Anakwiyira mbali zonse ziwiri: mwini amene anamwaza cuma, ndi lamulo limene linalanga iwo m'malo mwa iye. M'nkhani ino tifuna kulondola kumene mkwiyo wotere unacokera. Mfundo yathu ndi yakuti malamulo a ndalama si acilendo mu mpira wa ku England. Cimene cinasintha ndi munthu amene lamulo limamanga. Malamulo akale anali kumanga mwini kuti asadye kalabu, pamene atsopano amamanga kalabu yeniyeniyo, ndipo cilango cimagwera anthu amene sanasaine pangano lililonse.

2.0 Makalabu a Mipingo ndi a Anchito

Makalabu ambiri akuluakulu sanayambe ngati malonda. Everton inabadwira mu mpingo wa Methodist wa St Domingo mu 1878. Caka comweco anchito a kampani ya njanji ya Lancashire and Yorkshire anayambitsa timu ya Newton Heath, imene inasandulika Manchester United mu 1902. Arsenal inayambitsidwa mu 1886 ndi anchito a fakitale ya zida za nkhondo ku Woolwich. Kwa ife a ku Zambia ciyambi cotere si cacilendo, pakuti Nkana, Mufulira Wanderers ndi Roan United zinaleredwa ndi migodi, ndipo Kabwe Warriors inaleredwa ndi njanji.

Bungwe la Football Association litavomereza mu 1885 kuti osewera azilipidwa, ndipo Football League itayamba mu 1888 ndi makalabu 12, panafunika ndalama zomangira mabwalo. Cotero makalabu analembetsa ngati makampani okhala ndi eni magawo. Apa ndi pamene liu lakuti mwini linayamba kukhala ndi matanthauzo awiri. Pamaso pa lamulo, mwini ndi uyo wagula magawo. Koma kwa ocemerera, mwini kalabu anali ngati mwini mudzi, amene amasunga malo m'dzina la anthu ake ndipo sangagulitse mudziwo pamodzi ndi manda ake.

Atsogoleri a nthawiyo anaiona ngoziyo msanga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anakhazikitsa lamulo lodziwika ndi nambala 34, limene linaletsa eni magawo kulandira phindu loposa magawo 5 pa 100 alionse, ndiponso linaletsa oyang'anira kalabu kudzilipira okha. Mu 1901 Football League inaika malire a malipiro a wosewera pa mapaundi 4 pa mlungu. Timu ya alendo nayonso inali kulandirako gawo la ndalama za pacipata, kotero kuti kalabu ya m'tauni yaing'ono inali kudyera limodzi ndi ya mu mzinda waukulu. Sitikunena kuti nyengo imeneyo inalibe banga. Malire a malipiro anapondereza osewera, ndipo mu 1913 Henry Norris anasamutsa Arsenal kucoka kum'mwera kwa mtsinje wa Thames kupita ku Highbury pofuna khamu lalikulu lolipira pacipata. Komabe munthu wofuna kulemera sanali kuthamangira ku mpira, pakuti lamulo linali litatseka nkhokwe.

3.0 Kugwa kwa Mpanda, 1961 mpaka 1992

Mpanda umenewu unagwa pang'onopang'ono. Mu January 1961, osewera motsogoleredwa ndi Jimmy Hill ataopseza kuti adzanyanyala nchito, malire a malipiro, amene panthawiyo anali mapaundi 20 pa mlungu, anacotsedwa. Mu 1983 munacitika zinthu ziwiri zazikulu. Coyamba, makalabu anagwirizana kuti timu yosewerera pakhomo izisunga ndalama za pacipata osagawirako alendo. Caciwiri, eni Tottenham Hotspur anapanga kampani ina yokhala pamwamba pa kalabu, nagulitsa magawo a kampaniyo pa msika wa masheya wa ku London. Lamulo la 34 linali kumanga kalabu yokha, osati kampani yapamwambayo, ndipo Football Association inangoyang'ana. Makalabu ena anatsata njira yomweyo.

Ngozi ya pa bwalo la Hillsborough mu April 1989, imene inatenga miyoyo ya ocemerera Liverpool 97, inacititsa kuti makalabu akuluakulu alamulidwe kuika mipando m'mabwalo onse. Mabwalo anakongola, koma mitengo yolowera inakwera. Ndipo mu 1992 makalabu 22 a mu gawo loyamba anacoka mu Football League napanga Premier League, kuti ndalama za wailesi yakanema azigawana okhaokha. Pangano loyamba ndi BSkyB ndi BBC linali la mapaundi 304 miliyoni pa zaka 5. Kuyambira pamenepo kalabu inakhala katundu wogulidwa ndi kugulitsidwa mwaphindu.

4.0 Mitundu Itatu ya Eni Atsopano

Tingagawe eni a nyengo yatsopanoyi m'mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa ocotsa. Mu 2002 kabungwe ka anthu atatu kanalola eni Wimbledon kusamutsira kalabuyo ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Ocemerera anakana kutsata, nayambitsa AFC Wimbledon, imene inayambira pansi penipeni ndi kukwera mpaka kulowa mu Football League mu 2011. Mu 2005 banja la Glazer la ku America linagula Manchester United pa mapaundi pafupifupi 790 miliyoni, ambiri mwa iwo okongola, ndipo nkhongoleyo inasenzetsedwa kalabu imene inalibe nkhongole. Tinganene kuti kalabu inalipira yokha mtengo wogulidwira. Ena mwa ocemerera anacoka nakayambitsa FC United of Manchester, ndipo mu 2010 otsala anayamba kubvala nsalu zobiriwira ndi zacikasu, mitundu ya Newton Heath, posonyeza kuti kalabu inaliko eniwo asanabwere.

Mtundu waciwiri ndi wa othira. Roman Abramovich anagula Chelsea mu 2003, ndipo Sheikh Mansour wa ku Abu Dhabi anagula Manchester City mu 2008. Onse awiri anathira cuma cosaneneka, zikho zinabwera, koma mitengo ya osewera inakwera kwa aliyense. Mtundu wacitatu ndi wa olephera, amene anathamanga pambuyo pa olemerawo ndi ndalama zimene analibe. Portsmouth, imene inatenga FA Cup mu 2008, inagwa m'nkhongole mu 2010 nilandidwa mapointi 9. Bury, yokhazikitsidwa mu 1885, inathamangitsidwa mu Football League mu August 2019.

5.0 Malamulo Atsopano ndi Madandaulo Ake

Pofuna kuletsa kugwa kotere, bungwe la UEFA linavomereza malamulo a Financial Fair Play mu 2009, ndipo Premier League inaika ake mu 2013. Lamulo lalikulu linali lakuti kalabu isataye ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, osawerengera zogwiritsidwa nchito pa mabwalo, pa kulera ana ndi pa mpira wa akazi. Colinga cinali cabwino, koma ocemerera anapezamo zilema zitatu.

Coyamba, popeza kalabu imaloledwa kugula molingana ndi zimene imapeza, makalabu amene analemera kale anatsala patsogolo, ndipo khomo linatsekeka kwa obwera m'mbuyo. Ocemerera Newcastle United, atapirira zaka 14 pansi pa Mike Ashley, anakondwera mu 2021 pamene thumba la cuma la boma la Saudi Arabia linagula kalabuyo, koma anapeza kuti cumaco sicingagwiritsidwe nchito monga Chelsea inacitira mu 2003. Caciwiri, m'mabuku a ndalama mtengo wogulira wosewera umagawidwa pa zaka za pangano lake, pamene mtengo womugulitsira umalembedwa nthawi imodzi. Mwana woleredwa pakhomo sanagulidwe, cotero ndalama yake yonse imakhala phindu. Ndico cifukwa cake mu June 2024 Newcastle inagulitsa Elliot Anderson, mwana wa m'dera lomwelo, ku Nottingham Forest. Lamulo lofuna kuteteza kalabu linafika poigulitsitsa ana ake.

Cacitatu ndi kusiyana kwa liwiro la ciweruzo. Everton inapyola malire ndi mapaundi 19.5 miliyoni, mapointi 10 aja anatsitsidwa kufika pa 6 mu February 2024, ndipo mu April inalandidwanso 2. Nottingham Forest inalandidwa 4 mu March. Koma milandu 115 imene Manchester City inaimbidwa mu February 2023, ndipo inaikana yonse, inayamba kumvedwa mu September 2024. Tiyenera kuvomerezanso kuti ocemerera sali opanda mbali m'nkhaniyi. Ambiri a ku Everton anaomba m'manja pamene Moshiri anafika mu 2016 ndi kuyamba kugula osewera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

6.0 Mau Omaliza

Mu April 2021 makalabu 12 a ku Ulaya, 6 mwa iwo a ku England, analengeza Super League, mpikisano umene oyambitsa ake sakanatsitsidwamo. Ocemerera anadzaza misewu, ndipo pasanathe masiku atatu makalabu onse a ku England anaturukamo. Boma linatuma Tracey Crouch kufufuza kayendetsedwe ka mpira, ndipo mu July 2025 lamulo la Football Governance Act linakhazikitsa woyang'anira woima payekha, wokhala ndi mphamvu yopima eni ndi yoletsa kusamutsa kalabu mwacisawawa. Mu November 2025 makalabu a mu Premier League anavomereza kusintha lamulo la mapaundi 105 miliyoni, kuti ndalama za osewera zisapyole magawo 85 pa 100 a zimene kalabu imapeza.

Tikayang'ana zaka zoposa 130 zimenezi, tiona kuti dziko la England labwerera ku funso limene lamulo la 34 linayesa kuyankha. Ku Germany analiyankha mwa njira ina mu 1998, polamula kuti mamembala a kalabu azisunga mavoti oposa theka. Ku England ocemerera apatsidwa ufulu wofunsidwa maganizo, koma voti yatsala m'manja mwa ogula magawo. Cikhalire zinthu ziri tero, tiganiza kuti kusintha manambala m'malamulo a ndalama sikudzathetsa mkangano, pakuti mwini akalakwitsa amagulitsa nacoka, ndipo otsala ndi mapointi olandidwa ndi aja amene makolo awo anayambitsa timu.