Nyumba yosawonjezera kaboni

Nyumba yosawonjezera kaboni ndi imene mpweya wa kaboni (carbon dioxide) wotuluka poimanga ndi poigwiritsa ntchito umalingana ndi umene wachotsedwa mumlengalenga. Sola wa padenga payekha sapereka umboni wokwanira, chifukwa kuwerengera kumayambira pa zipangizo zomangira.

Ku Madzimoyo ndi m'midzi yozungulira Chipata, njerwa zambiri zimawotchedwa pa uvuni wa nkhuni. Chikuni chilichonse chopsa pamenepo chimatulutsa kaboni amene mtengo unasunga kwa zaka zambiri. Njerwa zadothi zotsindira ndi makina sizifuna moto, koma amazithira simenti pang'ono, ndipo kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 aliwonse a mpweyawu padziko lonse. Simenti yochokera ku Chilanga imayendanso pa lole ya dizilo makilomita oposa 500 kuti ifike ku Chipata. Kunena za njerwa zowotcha, dziko la Malawi linaziletsa pa zomangamanga zaboma ndi zamalonda mu 2018.

Ena amabweza kaboni pobzala mitengo kapena kulipirira kuteteza nkhalango, koma mitengoyo ikadulidwa kapena kupsa ndi moto wolusa, kubwezako kumapita pachabe. Womanga aliyense wonena kuti nyumba yake siwonjezera kaboni asonyeze mawerengero onse, otsimikiziridwa ndi katswiri wodziimira payekha.