Ludzu la Galimoto za ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, amakaniko a pa Kasungu boma amadziwa kuti nawonso ayamba kukolola. Galimoto zomwe zinagona pa njerwa dzinja lonse ku Santhe, ku Chamama kapena ku Chulu zimadzuka, ndipo eni ake amafika pagalaja ndi dandaulo lomwe agogo awo ankabwera nalo kale: ikumwa mafuta kwambiri.

Dandauloli ndi lakale, koma galimoto zake zasintha. M'nthawi ya Kamuzu Banda, fodya wa ndalama zambiri, wa bale ndi wowotcha m'mabani, ankalimidwa m'maesiteti a Press, a General Farming ndi a anthu ochepa okhala ndi ziphaso, kuphatikizapo alimi a pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mlimi wamba lamulo linkamutsekera kunja. Choncho galimoto m'misewu ya fumbi ya m'zigwa za Kasungu zinali za mamanejala ndi eni minda: Land Rover, Peugeot 404, Datsun ya kabokosi kumbuyo. Zambiri mwa izi zinali za kabuleta, ndipo makaniko wa nthawi imeneyo ankazipima ndi thupi lake. Ankaika khutu pa injini ikulira payokha, n'kuzungulira kumbuyo kukanunkhiza utsi. Kenako ankamasula pulagi n'kuiyang'anitsitsa padzuwa: ikakhala yofiirira ngati tsamba la bale louma bwino, ndiye kuti petulo ndi mpweya zikusakanikirana moyenera, ikatuluka yakuda bii ndi mwaye, petulo wachuluka. Mlandu unkagwera choko yokanirira, kabowo ka petulo kokula ndi ukalamba, kapena kachoyandama ka m'kabuleta kosatseka bwino. Sikuludiraiva imodzi inkatha nkhani yonse.

Ngakhale petulo wake anali ndi mbiri yakeyake. Mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse mu 1973 ndi 1979, kenako nkhondo ya ku Mozambique n'kutseka njanji za ku Beira ndi Nacala, dziko lopanda doko ngati Malawi linapanikizika. Mu 1982 fakitale ya Ethanol Company inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa, m'boma loyandikana la Nkhotakota, ndipo ankamusakaniza ndi petulo. PressCane ya ku Chikwawa inadzabwera mu 2004. Madalaivala ena mpaka lero amaloza chala ethanol kuti ndiye amamaliza mafuta msanga. Akunena zoona pang'ono chabe. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepera ya petulo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye akasakaniza magawo 10 pa 100 alionse, mtunda umatsika ndi makilomita atatu okha pa 100. Galimoto yomwe kale inkapita ku Lilongwe n'kubwerera ndi theka la thanki, lero n'kumafuna thanki yonse, vuto lake si nzimbe za ku Dwangwa ayi.

Zinthu zinatembenuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima bale ndi kugulitsa ku okushoni kudzera m'makalabu. Ndalama ya fodya inalowa m'midzi. Njinga, malata ndi wailesi zinatsogola, galimoto inatsatira. Panthawi yomweyo msika wa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito unali kukula. Ku Japan kuyeza galimoto kwa boma, komwe amati shaken, n'kodula moti ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali yolimba, ndipo poti kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno, chiwongolero chimakhala mbali yoyenera. Zimatsika padoko la Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, n'kutsetsereka ndi M1 kudutsa pa Kasungu penipeni. Corolla inatsegula njira, kenako Vitz, Passo, Probox ndi Sienta.

Tigalimoto timeneti tinapangidwira misewu ya phula. Kuno Sienta ya mipando 7 imanyamula anthu opitirira khumi, matumba a fetereza pamwamba pake, mwina ndi belo la makilogalamu pafupifupi 100 lopanikizidwa kumbuyo chitseko chili chomanga ndi chingwe. Imayenda pa giya yaing'ono mumchenga, matayala ali ofewa, nthawi zina buleki ya kumbuyo ikugwira yokha chifukwa cha matope a dzinja omwe anauma m'katimo. Kuyambira Juni mpaka Okutobala fumbi limatseka fyuluta ya mpweya, ndipo ambiri m'malo mogula ina amangoipuntha patayala n'kuibwezera, ena amaichotseratu. Fumbi likadutsa limakamatira pa kawaya kopima mpweya wolowa mu injini, kompyuta ya galimoto n'kuyamba kuwerenga zabodza.

Apa m'pomwe luso lakale linasokonekera. Injini za masiku ano zilibe kabuleta yoti munthu aisinthe ndi sikuludiraiva. Petulo amapopedwa ndi mainjekita molamulidwa ndi kompyuta, yomwe imadalira masensa. Chizolowezi china chochokera ku nthawi ya Peugeot chinasanduka msampha: kuchotsa femositati poganiza kuti dziko lotentha siliifuna. Ikachotsedwa, madzi amazungulira osaima, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, makamaka m'mawa wa mu Julayi, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri poyesa kuti injini yangodzutsidwa kumene. Sensa ya pa ekizozi ikatopa, zotsatira zake n'zomwezo. Lero makaniko wachinyamata amabaya kamakina pansi pa chiwongolero n'kuwerenga nambala ya vuto pafoni, ndipo n'zothandizadi. Koma kamakinako sikaona tayala lofewa kapena buleki yogwira, ndiye mdala uja wokhudza malimu ndi dzanja pambuyo pa ulendo kuti amve lomwe latentha sanathe ntchito.

Palinso zaka za zigubu. Mu 2011 fodya anagulidwa motchipa, ndalama zakunja zinasowa, opereka thandizo anabweza manja, ndipo mizere ya galimoto inkagona pamalo omwetsera mafuta. Kusowa kwa mafuta kunali limodzi mwa madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi chaka chimenecho. Petulo anasamukira m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wina wothiridwa parafini, wina wokhala ndi madzi ndi zinyalala, ndipo mainjekita ndi mapampu ambiri anafera pamenepo. Mizere inabweranso mu 2022 ndi zaka zotsatira, zigubu nazo n'kutulukanso.

Komabe galimoto zambiri zimaimbidwa mlandu womwe si wake. Dalaivala wa kuno kawirikawiri sagula malita, amagula ndalama: amauza wothira mafuta kuti athire a ndalama zakutizakuti, basi. Kwacha itagwetsedwa mu Meyi 2012, komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta yomwe bungwe la MERA limalengeza inakwera, ndipo ndalama yomwe inkafikitsa munthu ku Nkhamenya inayamba kuthera panjira injini isanasinthe kalikonse. Makaniko woona mtima amayamba wafunsa kuti lita imodzi ikuyenda makilomita angati, ndipo eni galimoto ochepa okha ndi amene amayankha. Kuti adziwe, ayenera kudzaza thanki, kulemba nambala ya makilomita, kuyenda masiku angapo, kudzazanso, n'kugawa mtundawo ndi malita omwe alowa kachiwiri. Kudzaza thanki kawiri motsatizana kumafuna ndalama yomwe mlimi wa fodya amakhala nayo miyezi ya msika yokha, ndiponso kumafuna kuti pafilingi siteshoni pakhale mafuta osachita kupimira munthu aliyense.