Kamuzu University of Health Sciences

Yunivesite ya boma imeneyi inayamba kuima payokha mu 2021, pamene College of Medicine ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1991, inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, yomwe inayamba mu 1979. Kale makoleji awiriwa anali nthambi za University of Malawi. Mphamvu yaikulu ya yunivesiteyi ili pa kafukufuku wa matenda amene amasautsa Amalawi, ndipo gwero lake n'kuyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kumene ophunzira amaona odwala malungo, TB ndi Edzi tsiku ndi tsiku. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe logwira ntchito ndi yunivesiteyi, anayesa katemera wa typhoid pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo mu 2023 boma linamuika pa ndondomeko ya katemera wa ana.

Ena amadandaula kuti eni ndalama akunja ndiwo amasankha zofufuzidwa. Dandaulolo n'lomveka, makamaka pa matenda amene opereka thandizo sachita nawo chidwi. Komabe typhoid inkadwalitsa ana a ku Blantyre komweko, ndipo madokotala amene anaphunzira ku College of Medicine tsopano akutsogolera kafukufuku wawo.