Charles Huggins: dotolo amene anapeza njira yogonjetsera ukali wa khansa ya prostate

Charles Brenton Huggins (1901–1997) anali dotolo wa maopaleshoni a njira ya mkodzo komanso katswiri wa kafukufuku, ndipo ndiye anayamba kutsimikiza kuti khansa ya prostate imakula modalira mahomoni achimuna. Zimene anapeza mu 1941 ndizo maziko a chithandizo chimene bambo wa ku Misuku, m'boma la Chitipa, angalandire lero akapezeka ndi nthendayi itafalikira kale m'thupi.

Moyo wake

Huggins anabadwira ku Halifax m'dziko la Canada pa 22 Seputembala 1901. Anamaliza maphunziro a udotolo ku Harvard mu 1924, ndipo mu 1927 anayamba ntchito ku University of Chicago ku America, kumene anachitira kafukufuku wake. Anamwalira mumzinda womwewo pa 12 Januwale 1997.

Zimene anapeza

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha, kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo mozungulira njira ya mkodzo, ndipo kamapanga gawo la madzi a umuna. Huggins anayamba ndi agalu, popeza nawonso kachiwaloka kamatupa akamakalamba. Anaona kuti galu akathenedwa prostate imafota, koma akampatsa homoni yachimuna ya testosterone imakulanso.

Pamodzi ndi wophunzira wake Clarence Hodges, anayesa nzeruyi pa odwala amene khansa inali itafika m'mafupa. Ena anawachotsa machende, amene amapanga testosterone yambiri ya m'thupi, ndipo ena anawapatsa homoni yachikazi ya oestrogen. Ululu wa m'mafupa unachepa ndipo odwala ambiri anayamba kupeza bwino. Uwu unali umboni wakuti khansa yofalikira kale ingabwezedwe m'mbuyo mwa kuimana chimene imadya. Mu 1966 Huggins analandira mphotho ya Nobel, imene anagawana ndi Peyton Rous.

Kafukufuku wa Andrew Schally pambuyo pake anatsegula njira ya jakisoni monga goserelin, amene amaletsa thupi kupanga testosterone popanda opaleshoni. Khansa ya impso siimvera njira imeneyi. Chithandizo chake chachikulu ndi kuchotsa impsoyo kapena gawo lake, ndipo mankhwala ake atsopano anabwera gulu la Marston Linehan ku National Cancer Institute litathandiza kupeza jini ya VHL mu 1993.

Tanthauzo lake ku Misuku

Khansa ya prostate ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa abambo m'Malawi, ndipo abambo achikuda ali pachiopsezo chachikulu kuposa a mitundu ina. Ambiri amafika kuchipatala nthenda itakula, pamene opaleshoni yochotsa prostate singathandizenso.

Kwa mlimi wa khofi wa m'mapiri a Misuku, ulendo wake ndi wautali: kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kwawo kupita ku chipatala cha boma ku Chitipa, kenako ku Mzuzu Central Hospital, mwinanso mpaka ku Lilongwe kumene kuli National Cancer Centre. Jakisoni amafuna kuti wodwala azibwerera kuchipatala mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Opaleshoni yochotsa machende ndi yaifupi, imachitika kamodzi kokha, ndipo mphamvu yake pa nthendayi imafanana ndi ya jakisoni. N'chifukwa chake zipatala zambiri za mu Africa zimaidalirabe.

Komabe chisankhochi n'cholemera. Opaleshoniyi siibwezeka. Njira zonse ziwiri zimachepetsa chilakolako ndi mphamvu za m'banja, zimabweretsa kutentha kwa thupi kwadzidzidzi ndi kufooka kwa mafupa. Sizichiza khansa kotheratu: zimachepetsa ululu ndi kuchedwetsa nthenda, ndipo pakapita nthawi khansayo imayamba kukulanso ngakhale testosterone ili yochepa. Ndi bwino kuti bambo ndi mkazi wake amvere limodzi uphungu wa dotolo asanavomere.

Zizindikiro ndi kuyezetsa

Khansayi ikamayamba nthawi zambiri siionetsa chizindikiro. Ikakula, bambo amavutika kuyamba kukodza, mkodzo umatuluka mofooka, amadzuka kawirikawiri usiku, nthawi zina amakodza magazi, amamva kupweteka kwa msana kapena m'chiuno, ndipo amaonda. Zambiri mwa zizindikirozi zimabweranso ndi kutupa wamba kwa prostate, kumene si khansa, ndipo kukodza magazi kungachokere ku likodzo. Kuti asiyanitse, dotolo amapima kachiwaloka ndi chala, amayeza PSA m'magazi, kenako amadula kachidutswa kuti kakaunikidwe ku labotale.

Abambo a zaka 45 kupita m'tsogolo, makamaka amene bambo kapena mchimwene wawo anadwalapo nthendayi, ayenera kufunsa za kuyezetsa asanayambe kumva ululu. Khansa yopezeka isanatuluke mu prostate ingachizidwe ndi opaleshoni kapena cheza cha radiotherapy.